Kodi chomera chokwera khoma ndi mizu chidzagwetsa mpanda wanga?

Funso: Chaka chatha ndinabzala chomera cha masamba ang'onoang'ono m'mbali mwa mpanda wanga wa njerwa kuno ku Zomba. Amene anandigulitsa anati dzina lake ndi creeping fig. Mbali imene njerwa sizinapakidwe kanthu chagwira zolimba moti kuchikoka nkovuta, koma mbali imene tinapaka laimu chimangogwa. Nthambi zimene ana anazikanganula ndayesa kuzibwezera pakhoma, osagwiranso. Tsopano aneba akuti mizu yake imayamwa madzi m'njerwa ndi kudya simenti, ati tsiku lina mpanda udzagwa. Kodi chimagwira bwanji khoma? Ndichizule?

Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, khasu liyambe lakhala kaye. Timizu timene mukutiona pakhomapo si todyera ayi, ntchito yake ndi kugwira basi. Sitidya simenti, ndipo chomeracho sichikhalira madzi a m'njerwa. Komabe aneba anuwo sanaphonye kotheratu, chifukwa chomera choterechi chimamaliza khoma limene linali lofooka kale. Choncho choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi mpandawo: unamangidwa ndi chiyani, ndipo uli bwanji lero.

Chomera chanucho dzina lake la sayansi ndi Ficus pumila. Kwawo ndi kum'mawa kwa Asia, maiko ngati China, Japan ndi Vietnam, ndipo ndi m'bale wake wa kachere ndi mkuyu. Mukathyola kanthambi muona utomoni woyera ngati mkaka, chizindikiro cha banja limeneli. Zomera zambiri zimene tinazizolowera kumunda zimakwera mwa njira zina. Nyemba zoyanga zimazungulira phesi la chimanga ndi tsinde lawo. Maungu, nkhaka ndi magalagadeya zimaponya tizingwe topota timene timakulunga chilichonse chimene takhudza. Zonsezi zimafuna kanthu koti zizungulire, nchifukwa chake pakhoma losalala zimasowa chochita. Creeping fig, ivy wa ku Ulaya, money plant ndi tsabola wakuda zili m'gulu lina. Izi kwawo kuthengo zimakwera mathanthwe ndi mitengo ikuluikulu yosati nkuizungulira, ndiye zimamata ndi mizu.

Kanganulani pang'onopang'ono nsonga imodzi yanthete, muitembenuze. Muona timizu tatifupi tili m'timagulu pafupi ndi mfundo pamene pamatuluka tsamba, ndipo tonse tili mbali imodzi, yoyang'ana khoma. Mbali ya kudzuwa kulibe. Timizu timeneti timathawa kuwala, timatulukira kumene kuli mthunzi ndi kachinyezi, pakati pa tsinde ndi njerwa. Kunsonga kwenikweni ndi toyera, tofewa, tonyowa pang'ono. Mukatsika m'munsi chikhatho chimodzi mupeza tasanduka tofiirira, touma, tolimba ngati udzu wa tsache. Kusiyana kumeneku mukusunge m'mutu, chifukwa ndiko kukuyankheni funso la nthambi zimene ana anakanganula.

Mmene timizu timagwirira anaziona bwino asayansi a pa yunivesite ya Freiburg ku Germany, amene mu 2010 anafotokoza za ivy atamuyang'ana ndi makina okulitsa zinthu. Poyamba kamuzu kanthete kamangokhudza khoma. Kenaka kamagona m'litali, nkuphwatalala motsata mabampu ndi timaenje ta pamalopo, monga mmene dothi lonyowa limatengera maonekedwe a chikombole. Pansi pa kamuzuko pamamera tiubweya tambirimbiri tosaoneka bwino ndi maso, timene timalowa m'timibowo ta njerwa, nkutulutsa madzi omata ngati ulimbo. Chomaliza ndicho chodabwitsa: tiubweyato tikayamba kuuma timafwanyapala nkupiringizika, nsonga zake nkukowa m'kati mwa timibowo ngati mbedza. Pofupika pamenepo timakokera muzu wonse kukhoma. Ndiye kugwira kwake kuli pawiri, ulimbo ndi mbedza, ndipo zonsezi zimalimba pamene muzu wauma. Creeping fig naye amagwira ndi tiubweya ndi ulimbo mofananamo, kungoti timizu take timalumikizana nkupanga kachigamba kamodzi.

Ulimbowo anthu anayamba kuudabwa kalekale. Charles Darwin, wasayansi wa ku England, polemba za zomera zokwera mu 1865, anaika timizu ta chomera chanu chomwechi pagalasi nkuona tikutulutsa timadontho toonekera ngati madzi. Anasunga ena mwa madonthowo nyengo yotentha, ndipo patapita masiku 128 anali asanaume. Koma pamene muzu unakhala nthawi yaitali utakhudza galasi, madziwo analimba nkumata. Mu 2016 asayansi a pa Ohio State University ku America anaonetsa kuti ulimbo wa ivy uli ndi timibulu tozungulira ta mapuloteni ophatikana ndi shuga. Ndi tating'ono kwambiri moti mutandanda 1,000 pamzere mpamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chifukwa cha kuchepako ulimbo umayenderera nkulowa m'timing'alu tosaoneka, madzi akauma timibuluto nkuthithikana, pamalopo nkulimba gwa.

Apa mwaona kale chifukwa chake nthambi zokanganuka sizikugwiranso. Kamuzu kalikonse kamamata kamodzi kokha pa moyo wake, pa masiku ochepa pamene kali kanthete. Kakauma, kaya kagwira kaya sikanagwire, ntchito yake yatha. Mukakanikiza nthambi yakale pakhoma mukukanikiza timizu takufa, tiubweya take tinatsala pa njerwa. Ena amakhomera misomali ndi kumanga mawaya, koma nthambiyo imangolendewera, mphepo nkumaigwedeza, ndipo kugwedezako kumadula timizu tatsopano ta kunsonga tisanalimbe. Chochita nchimodzi: dulani nthambi yokanganukayo pamene pathera mbali imene ikugwirabe. Pamene mwadulapo patuluka mphukira ziwiri kapena zitatu, ndipo zimenezo zigwira zokha. Zimaoneka ngati mwabwerera m'mbuyo, koma m'nyengo ya mvula malowo amatsekeka msanga kuposa mukanalimbana ndi nthambi yakale.

Za laimu, vuto si loti chomera chikukana kumata. Chikumata ndithu, koma chikumata fumbi. Sisitani chala pakhoma lopaka laimu, chibwera choyera. Ulimbo umagwira ufa umenewo, nthambi ikalemera pang'ono ufawo umasiyana ndi khoma, zonse nkugwera pansi. Mukatembenuza nthambi yogwayo mupeza timizu tili mbuu. Penti ya madzi yakale imene yayamba kusupuka imachita chimodzimodzi. Penti ya mafuta ili ndi vuto lina, imatseka timibowo tonse, mbedza zija nkusowa polowa, ndiye pamatsala ulimbo wokha umene sungathe kunyamula nthambi zolemera. Pamalata ndi pageti ya chitsulo timizu timapsa tisanamate. Ngakhale khoma la njerwa zabwinobwino, ngati likuyang'ana kumadzulo, mu Okutobala limatentha moti nsonga zanthete zimauma masana amodzi. Ku Zomba dzuwa limadutsira chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, choncho mbali ya khoma yoyang'ana kum'mwera ndi yoyang'ana kum'mawa ndi kumene chomerachi chimagwira mosavuta.

Ngati mukufuna kuti chikwere mbali ya laimuyo, palani laimu ndi burashi ya waya mpaka njerwa kapena pulasitala ioneke, mutsuke ndi madzi, muyese ndi chala kuti sipakutsalanso ufa. Sikofunika kupala khoma lonse tsiku limodzi, mita imodzi kuchokera pansi ndi yokwanira poyambira. Mbewu zatsopano bzalani masentimita 30 mpaka 45 kuchokera patsinde pa khoma, chifukwa pafupi kwambiri dothi limakhala louma ndi lodzaza zidutswa za njerwa. Pakati pa mbewu ndi inzake siyani mita imodzi kapena kucheperapo pang'ono. Mukabzala dulani nthambi zonse zitsale masentimita 15 mpaka 20, pa chifukwa chomwe chija, kuti nthambi zimene zinakulira m'chubu sizidzamata. Tsamiritsani timitengo kukhoma kuti mphukira zipeze njira. Nthawi yabwino ndi Disembala mvula itakhazikika. Mukabzala m'chilimwe, muziwaza madzi pakhoma penipenipo madzulo, osati pansi pokha, kuti timizu tipeze chinyezi potuluka. Chaka choyamba chimayenda pang'onopang'ono, musataye mtima. Kuyambira chaka chachiwiri ndi chachitatu ndi inu amene muzichiletsa.

Tsopano mawu a aneba aja. Kuti mutsimikize nokha kuti timizu ta pakhoma sitidyetsa chomera, sankhani nthambi imodzi yokwera bwino, muidule pansi, muisiye ili chimamatire. Pakatha masabata awiri kapena atatu masamba ake onse auma, chonsecho timizu take tikadali pa njerwa. Madzi ndi chakudya zimachokera ku mizu ya m'nthaka. Nchimodzimodzi pamtengo: chomerachi sichili ngati kaufiti amene amaboola mizu ya chimanga nkumayamwa. Chimangotsamira pakhungwa. Chikaononga mtengo chimauononga poulemetsa ndi kuuphimba masamba.

Koma pali malo amodzi pamene nkhani imasintha, ndipo ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kamuzu kogwira kakapeza mng'alu wakuya wokhala ndi dothi lonyowa, sikaumanso ngati anzake. Kamapitirira kukula nkukhala muzu weniweni wodyera, nkumanenepa chaka ndi chaka m'kati mwa khoma. Nthambi nazo zimalowa m'mipata, ndipo nthambi imene inalowa ili ngati ulusi imadzafika ponenepa ngati chala chachikulu, nkumakankha njerwa. Kuno kwathu zimenezi si zachilendo, chifukwa mipanda yambiri imamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi matope, kenaka nkupaka simenti pang'ono m'mizere kuti izioneka bwino. Kuseri kwa kasimenti kameneko kuli dothi, ndipo m'dzinja limanyowa. Kwa chomera, khoma lotere ndi munda woimirira. Pakhoma la zidina kapena nyumba yozira ndi dothi musabzalepo nkomwe chomera cha mtunduwu.

Yesani mpanda wanu motere. Tengani msomali waukulu mukande m'mizere ya pakati pa njerwa malo angapo, pansi, pakati ndi pamwamba. Ngati msomali ukungosiya kamzere koyera, simenti ndi yabwino. Ngati ukulowa, mchenga nkumayoyoka, kapena mwaboola nkupeza dothi lofiira, khomalo ndi lofooka. Pamene pali pulasitala gogodani ndi chogwirira cha mpeni. Pomveka phokoso la m'kati ngati ng'oma, pamenepo pulasitala inasiyana kale ndi njerwa, ndipo tsiku lina idzagwa pamodzi ndi chomera, anthu nkumati chomera chagwetsa. Yang'anani pamwamba pa mpanda ngati anatsekapo ndi simenti, chifukwa pamwamba posatseka mpamene madzi amalowera, ndipo mpamene chomera chimakonda kuzika mizu. Onaninso kunenepa kwake. Mpanda wa njerwa imodzi yogoneka m'litali, wopanda zipilala pafupipafupi, sufuna katundu wina pamwamba.

Katundu ameneyu ndiye amagwetsa mipanda yambiri, osati timizu. Creeping fig ali ndi misinkhu iwiri. Akali wamng'ono masamba ake ndi ochepa, masentimita awiri kapena atatu, ndipo amagona pakhoma ngati mphasa. Akafika pamwamba nkusowa kokwera amasintha. Amatulutsa nthambi zonenepa zoloza kunja, masamba ake okhuthala otalika mpaka masentimita 10, ndipo nthambi zimenezi zilibe timizu togwira. Ndi zimene zimabala zipatso zooneka ngati nkhuyu zazikulu. Zikasiyidwa zimapanga chitsamba pamwamba pa mpanda, chotambalala mita kapena kuposa. Mvula yoyamba ya mkuntho ikabwera, chitsambacho chimanyowa nkulemera, mphepo nkuchikankha ngati thanga la bwato, pamene nthaka ya pansi pa maziko yafewa. Ivy amachitanso chimodzimodzi akakula.

Ndiye lumo lisamatalikire. Metani kawiri kapena katatu pachaka, makamaka mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Epulo kapena Meyi ikatha. Nthambi iliyonse ya masamba akuluakulu iduleni pamene yachokera mukangoiona. Chomera chisanenepe kuposa masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pakhoma, ndipo pamwamba chilekezeni mzere umodzi kapena iwiri ya njerwa chisanafike pamutu. Ngati chikukwera nyumba, siyani theka la mita kuzungulira mawindo, zitseko, mapaipi ndi denga. Chikalowa pansi pa malata chimakagwira matabwa, chimasunga chinyezi pamenepo, ndipo masamba ake amatseka ngalande za madzi a padenga. Pometa valani magolovesi, utomoni wake umayabwa pakhungu ndipo m'maso ndi woopsa. Mizu yake ya m'nthaka nayo imayenda kutali kufuna madzi, choncho chisakhale pafupi ndi thanki ya chimbudzi kapena mapaipi a madzi oipa.

Pometa pomwepo muzisuzumira kuseri kwa masamba. Choyamba kufuna ndi tinjira ta dothi ta chiswe, chifukwa masamba amabisa zimene pakhoma loyera mukanaziona msanga. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, ndi kachere. Mbalame zimene zimabwera kudzabisala m'masambamo zimasiya njere za kachere m'ndowe zawo, njere nkumera m'mng'alu pamwamba pa mpanda. Kachere ndi wina ndithu. Mizu yake ndi yodyera kuyambira tsiku loyamba, imatsika m'kati mwa khoma kufuna nthaka, imanenepa ngati mkono, nkung'amba njerwa pakati. Makoma ambiri ong'ambika amene anthu amanamizira chomera chokwera, mukasanthula bwino mupeza kachere ali m'katimo. Mukamuona akali ndi masamba awiri atatu, zulani ndi muzu womwe, mutseke mng'aluwo ndi simenti.

Pakhoma lolimba chomerachi chili ndi ubwino wake, ndipo sindikufuna kuti mantha akubisireni zimenezo. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Oxford, wochitika pa makoma akale a ku England, anapeza kuti ivy amachepetsa kutentha ndi kuzizira kodzidzimutsa pakhoma, komanso amatchinga fumbi la mumpweya. Kuononga anakupeza makamaka pamene khoma linali ndi mipata kale. Kuno kwathu phindu lake ndi mthunzi. Khoma lophimbidwa ndi masamba silitentha masana ngati la njerwa zokhazokha, ndipo mvula yowomba cham'mbali imagwera pamasamba nkutsetsereka.

Mukapeza kuti mpanda ndi wofooka, kapena mwangoganiza zochotsa, musagwire tsinde nkukoka ndi mphamvu. Ulimbo uja nthawi zambiri ndi wolimba kuposa pulasitala yofooka, ndiye chimabwera ndi zigamba za khoma. Yambani ndi kudula chitsamba cha pamwamba kuti katundu achepe. Kenaka muzidula tizigawo ta theka la mita, nkulowetsa mpeni wakale kapena chopalira penti pakati pa tsinde ndi khoma, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Anthu ambiri amadula patsinde nkusiya kuti chiume chokha. Pakhoma la simenti yabwino zimenezo zimatheka, koma pakhoma la matope ndi zolakwika, chifukwa chomera chikasowa madzi a pansi chimalimbikira kuzika mizu m'khoma momwemo, makamaka m'dzinja. Muzu umene wanenepa kale m'kati mwa mzere musauzule, muudule pafupi penipeni ndi khoma, kenaka mmisiri achotse njerwa zozungulira, autulutse, amangenso. Chitsa chikumbeni, apo ayi chiphukanso. Timizu touma totsalira pakhoma sitichoka ndi madzi okha. Tinyowetseni, mudikire theka la ola, mupale ndi burashi ya waya, ndipo dziwani kuti pakhoma lopaka penti mudzafunika kupakanso.

Ngati khoma ndi lofooka koma zobiriwirazo mukuzifunabe, imikani mitengo kapena zitsulo masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pampanda, mukokepo waya, mubzale chomera cha tizingwe ngati magalagadeya, chimene sichimata njerwa. Ndipo ngati m'nyumba muli ndi money plant, mfundo zomwezi zikuthandizani. Iye ali ndi mizu ya mumpweya ya mitundu iwiri, yaifupi yogwira ndi yaitali yotsika kukafuna nthaka. Pandodo yosalala sagwira. Kulungani mtengo ndi chiguduli, mumange ndi chingwe cha khonje, muzinyowetsa chigudulicho, ndipo mumangirire nsonga yokula ndi kansalu mfundo zitakhudza chiguduli. Akagwira nkuyamba kukwera, masamba atsopano amatuluka aakulu kuposa akale. Khoma la pabalaza lokha musamulole, chifukwa pochotsa amasiya timizere tofiirira ndipo amanyamula penti.

Kwa inuyo Mayi, yambani ndi msomali uja sabata ino. Mizere ikapezeka yolimba ndipo pamwamba ndi potseka, chisiyeni chikwere, mudule nthambi zokanganuka, mupale laimu mbali inayo mvula isanagwe. Mukapeza dothi kuseri kwa simenti, chotsani chomera chisanafike pamwamba pa mpanda. Panopa chili ndi chaka chimodzi chokha, nthambi zake zikadali zowonda, ndipo ntchito yonse ingathe masana amodzi.